Loko wa ku South B

Mukafika ku Nairobi kuchokera kumudzi, musanadziwe n'komwe kokwerera minibasi za kuno zotchedwa matatu, wina amakhala atakupatsani kale nambala ya Benedicta Kachigamba. Wobwera kuchipatala, nambala ya Benedicta. Wobwera kumsonkhano wa mpingo, ndalama ya hotelo atagulira nsapato, nambala ya Benedicta. Ngakhale amene ndege yamusiya chifukwa cha tulo take, nayenso nambala ya Benedicta. Mayiyu amakhala ku South B, m'fulati ya pamwamba penipeni, masitepe ake oti ukafika kumtunda umayamba wapempha madzi usanapereke moni. Anthu amati ndi wamtima wabwino. Zoona ndithu, koma mtima wabwino nawo umatopa, abale.

Ntchito yake ndi ya m'bungwe lina la mpingo, kumene amakonza maulendo a alendo: matikiti, malo ogona, galimoto yokawatenga pabwalo la ndege. Masana amalandira alendo a abwana, madzulo alendo a mtundu wake. Zaka zoposa khumi zapita chonchi. Anabwera ali mtsikana wa nsapato za gogoda, woseka mokweza. Lero amayenda ndi zafulati, m'chikwama muli ambulera ndi mankhwala a mutu. Banja analiyesako, koma linazima msanga ngati moto wa mapesi. Mwiniwake sakonda kuikamba nkhaniyo, ndiye nafenso tiisiye pomwepo.

Mlendo wakwathu akakhuta n'kugona bwino, mawu ake amakhala amodzi: "Achemwali, nanga ku Mombasa?" Ndiye Benedicta wakwera sitima ya ku Mombasa mpaka kukhuta nayo. Linga lija la Fort Jesus walizungulira kambirimbiri, moti zimene amanena otsogolera alendo angathe kuzilakatula ali m'tulo: analimanga Apwitikizi polamulidwa ndi mfumu yawo, Aluya analilanda, Angerezi analisandutsa ndende. Mawu amenewa m'makutu mwake ankangodutsa. Iye ankafuna mthunzi basi, atanyamula zikwama za anthu, eni ake akujambulitsa atakhalira mizinga, mano onse pamtunda.

Mlendo mmodzi yekha ndi amene Benedicta anachita kuitana ndi mtima wake wonse. Amenewo anali bambo ake, a Spencer, mphunzitsi wopuma wa ku Bembeke. Mayi atamwalira, mdalayo anatsala yekha m'nyumba, maso atachita ng'ala. Benedicta anawatumizira tikiti, madokotala a ku Nairobi anachotsa ng'alazo, maso anatseguka. Pamenepo iye ndi mlongo wake Roy anagwirizana pafoni kuti bambo asabwererenso kumudzi.

"Akakagwa kubafa adzawadzutsa ndani?" ankatero Roy ali ku Lilongwe, kumene nyumba yake imachepa nthawi zonse nkhani ikakhala ya bambo.

Koma Benedicta sankaganiza za kubafa zokha. Ankafuna munthu wakewake m'nyumbamo, woti akamufunsa kuti waswera bwanji asatsatize ndi pempho. Ndipo panali china. Bambowa anawasowa ali mwana. M'nthawi ya chipani chimodzi kunabwera galimoto pasukulu n'kuwatenga choko chili m'manja. Anabwerako patapita zaka, owonda, ometedwa mpala, ndipo Benedicta anathawa kukabisala kuseri kwa nkhokwe chifukwa sanawadziwe. Za kumene anali sanakambepo, pakhomo panalibenso wofunsa. Tsopano Benedicta, mayi wa imvi zake, ankafuna kubweza zaka zimenezo, ndipo anatsimikiza mumtima kuti ulendo uno bambo ake sachoka.

Maso atangotseguka, a Spencer anatsika okha tsiku lina kukafuna tchalitchi. Ankapereka moni kwa aliyense pamsewu ngati ali ku Bembeke, chipewa chili m'manja, anthu n'kumangowalambalala. Anakhota apa, anakhota apo, nyumba zonse zofanana. Foni wina anawatsomphola asanadziwe n'komwe kuti yapita. Benedicta anazungulira South B yense mtima uli m'mwamba, akufunsa m'magolosale ndi kwa alonda a m'mageti, mpaka wa boda wina wachisoni, wa njinga yamoto yonyamula anthu, anabwera nawo dzuwa likulowa, iwo atagwira chipewa ndi dzanja limodzi.

Kuyambira tsiku limenelo Benedicta anayamba kuwatsekera. Zitseko za kunoko n'zachitsulo, ndipo zili ndi kabowo kolowetsapo dzanja. Ukatuluka umapisa dzanja pamenepo, n'kukankha mpiringidzo wamkati, n'kukoleka loko, n'kudina. Makiyi onse awiri anawaika m'chikwama chake. M'mawa uliwonse ankasiya tiyi m'fulasiki, chakudya m'mbale zovundikira, kanema woyatsayatsa.

"Bambo, ndapita. Musatsegulire munthu."

Ngati kuti akanatha kutsegula! Kenako dzanja pakabowo, loko uja khotcho, iye n'kutsika masitepe mtima uli m'malo, kukalimbana ndi matatu.

Mdala uja anayamba kusintha. Ankadya mothamanga, mkono utazinga mbale. Pochapa jekete yawo Benedicta ankapeza zidutswa za buledi m'thumba. Chikwama chawo chinkakhala chomangamanga kunsi kwa bedi, ndipo akamva mapazi pamasitepe ankaimirira chilili, manja m'mbali. Benedicta ankangoti ndi ukalamba, nanga munthu wobwera mutu ukuwawa angafufuze zingati? Madzulo aliwonse, akamaliza kudya, ankamuitana ndi mfunda wake mofatsa.

"Nangozo, kodi ndege za kwathu zikuyendabe?"

"Dokotala akufuna adzakuoneninso, bambo."

Linali bodza. Dokotala anali atathana nawo kalekale. Iwo ankangogwedeza mutu osatsutsa, ndipo kusatsutsa kumeneko kunkamupweteka Benedicta kuposa mkangano.

Mwezi wa Julaye utafika, Nairobi anazizira monga mwa chizolowezi chake, kumwamba kuli mbuu tsiku lonse. A Spencer ankakhala atafunda bulangeti pampando, akuyang'ana kunja kupyolera m'zitsulo za pawindo. Ndi pamene Benedicta anaganiza za ku Mombasa. Bambo ake anaphunzitsa ana za Apwitikizi zaka zambirimbiri, linga lija akungolijambula pabolodi. Akakaliona ndi maso awo atsopanowa, akakaotha dzuwa la kunyanja, adzadziwa kuti Kenya si masitepe ndi chisanu chokha, ndipo za ndege zidzatha. Za kuti lingalo linakhalaponso ndende, ankazidziwa bwino lomwe, koma m'mutu mwake sizinakumane ndi bambo ake ngakhale pang'ono. Kwa iye malo aja anali ojambulitsirako basi.

Pasiteshoni ya ku Syokimau apaulendo amandanda katundu pansi n'kubwerera m'mbuyo kuti agalu anunkhize. Benedicta atacheuka anapeza bambo ake atavula kale lamba ndi wotchi, akuwerama kumasula zingwe za nsapato.

"Aaa, bambo, kuno si kundege. Valani."

Anaseka kaseko ka munthu wotopa, n'kuwathandiza kumanga lamba. M'sitima mdala anatsitsimuka. Anaona njovu patali n'kuwomba m'manja ngati mwana, anacheza ndi mayi wa pampando woyandikana m'Chingerezi chawo cha m'kalasi. Benedicta sanaone njovu iliyonse, anagona kukamwa kuli yasa.

M'mawa mwake anafika palinga dzuwa litayamba kale kuluma. A Spencer anaima kutsogolo kwa chikhoma chija, khosi m'mwamba, n'kuchisisita ndi chikhatho.

"Ndiye n'limeneli! Ha, ine ndinkawanamiza ana a eni. Ndinkajambula kanthu ngati khola la nkhumba."

Anaphatikana ndi gulu lina la alendo, azungu angapo ndi banja lina la ku Kisumu. Wowatsogolera anali bambo wachikulire wa kofia yoyera, wa mawu okoma, wodziwa poseketsa. A Spencer sankamusiya patali. Anasuzumira m'kamwa mwa mzinga, anakwera pamwamba pa khoma mwana wawo atawagwira mkono, anayang'ana madzi a nyanja yamchere nthawi yaitali, mphepo ikukupiza malaya awo.

"Kuno munthu angathe kukhala," anatero.

Benedicta anamva mtima kupepuka koyamba m'miyezi yambiri. Anatulutsa foni n'kulembera Roy mawu amodzi: zikutheka.

Kenaka anafika mbali imene kunkakhala akaidi. Khomo lake linali laling'ono, mkati muli mdima. Wotsogolera uja anati malo ndi ochepa, aziyenda awiriawiri, ndipo kuti wina asatsalire anawomba m'manja kawiri n'kuyamba kuwawerenga ndi chala, mokweza: "Moja, mbili, tatu..." Nthawi yomweyo foni ya Benedicta inalira. Anali a kuofesi, akufunsa za mlendo wina amene chikwama chake chinasochera. Tchuthi chake Benedicta n'chotere, sichitha tsiku foni isanamupeze. Anayankha mwachidule, n'kutembenuka kuti agwire bambo ake mkono. Paphewa pake panalibe munthu.

Anali pansi. A Spencer anali atanyonyomala pafumbi, chipewa chili pamawondo, mutu woweramitsa, zigongono zopanikiza m'nthiti, maso pa zala za kumapazi. Awa ndi bambo amene mawondo awo anakana kugwada m'tchalitchi zaka zapitazo, amene kukhala pampando ankachita kugwira khoma. Mwana wa banja la ku Kisumu anaseka. Mzungu wina anatambasula botolo la madzi, poganiza kuti dzuwa lawagwetsa.

"Bambo! Mwatani? Dzukani."

Sanadzutse mutu. Anayankha monong'ona, milomo yokha ikugwedera, mawu a munthu amene akuchenjeza mnzake.

"Khala chete. Sanamalize kuwerenga."

Mayo ine! Benedicta anamva thupi lonse kuzizira pakati pa dzuwa lonselo. Wotsogolera uja chala chinamuumira m'malere. Anayang'ana mdalayo, anayang'ana khomo lija, ndipo anaoneka kuti wamvetsa ngakhale Chichewa sankachidziwa.

"Pole, mzee. Pole sana," anawapepesa motsitsa m'Chiswahili.

Iye ndi Benedicta anawagwira wina uku wina uku n'kuwadzutsa, mawondo akulira. Gulu linalowa mkati mwakachetechete. Benedicta anapita nawo pamthunzi wa khoma, n'kuwakhazika pamwala. Anawapukuta fumbi pathalauza.

"Ndakuchititsa manyazi, mwana wanga."

"Ayi, bambo."

"Miyendoyi yangopita yokha. Kumene kuja ankatiwerenga m'mawa, masana ndi madzulo. Ankati foleni. Akawomba m'manja, wochedwa kufika pansi ankadziwa yekha chomugwera. Nambala ikapanda kukwana ankayambiranso, inu muli chinyonyomalire, dzuwa likhale, mvula ikhale." Anazunguza chipewa m'manja. "Ndinkayesa zinatha. Ku Bembeke zinali zitatha ndithu. Zayambiranso chaka chino."

Benedicta sanafunse kuti chifukwa chiyani chaka chino. Ankaopa yankho. Mdalayo anayang'ana khomo la mdima lija, kumene alendo ankalowa ndi kutuluka mmene afunira, ena akujambulana.

"Komatu kuno achita bwino. Ona, munthu akulowa yekha, akutuluka yekha, palibe womutsekera." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Loko wako uja, Nangozo, amalira chimodzimodzi ngati wa kumene kuja. M'mawa ndimakhala ndikumudikira. Akalira, ndimamvetsera mapazi ako mpaka atathera pansi, kenako ndimayamba kuyenda, kuchokera pawindo kufika pachitseko, kubwerera. Pampando paja ndimakhalapo ukakhala pafupi kufika."

"Bwanji simunanene, bambo?"

"Umabwera wotopa kwambiri. Ndiye kumene kuja tinaphunzira kuti amene ali ndi makiyi sumudandaulira, umangomuthokoza chifukwa cha chakudya."

Ndipo ankathokozadi. Madzulo aliwonse, mbale ikatsika patebulo, ankati zikomo kwambiri, mutu uli pansi, Benedicta n'kumanyadira kuti bambo ake ndi aulemu wachikale. Analira pamenepo, mayi wamkulu ndithu, misozi ili mbwembwembwe pamaso pa alendo a mitundu yonse. Ankalira ndi manyazi, ankaliranso ndi ukali, wosadziwa woukwiyira. Bambo ake anamusisita pamsana ngati kuti wovulala ndi iye. Foni inanjenjemera m'chikwama. Anali Roy, watumiza zithunzi za manja owomba. Benedicta anaizimitsa.

Pobwerera m'sitima sanagone. A Spencer ndi amene anagona, mutu utatsamira paphewa lake, ndipo iye sanasunthe mpaka ku Syokimau ngakhale mkono unachita dzanzi.

Lolemba m'mawa anasiya tiyi m'fulasiki monga mwa masiku onse. Kenako anatulutsa kiyi mmodzi n'kumuika patebulo, pambali pa kapu. Loko anamuchotsa n'kumusiya pamwamba pa firiji.

"Bambo, ndapita. Tchalitchi chili kumanzere mukatuluka pageti. Mlonda ndamuuza, akulozerani."

Anakoka chitseko osakankha mpiringidzo. Tsiku limenelo ntchito sinagwirike. Anasungitsa chipinda chimodzi kwa alendo awiri osadziwana, anaiwala kudya, mphindi iliyonse akuona bambo ake atagundidwa ndi boda kapena akuba atalowa m'nyumba. Pansi pa manthawo panali kachiyembekezo: mwina tsopano, poti loko wachoka, akhala.

Anaweruka msanga. Masitepe aja anawakwera mothamanga, koyamba chisamukireni m'nyumbamo. Chitseko anachipeza chotsegula pang'ono, atachiikira nsapato kuti chisatsekeke. A Spencer anali atakokera mpando pafupi ndi khomo, akuwerenga buku lawo la mapemphero ndi kuwala kochokera panja. Kiyi anali pomwe anamusiya. Sanaimirire atamva mapazi, anangokweza maso n'kumwetulira.

"Waswera bwanji, Nangozo?"

"Ndaswera, kaya inu? Munapita kutchalitchi?"

"Ayi, sindinapite kulikonse. Ndimangomvera mphepo ikulowa. Lero ndagona tulo masana, tulo tenitenitu."

Benedicta anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, chikwama chili pamwendo. Anayamba kuyala mapulani mothamanga ngati akuopa kuti wina amudula: adzawagulira foni ina, adzawadziwitsa kwa Amalawi a ku Umoja amene amapemphera limodzi Loweruka, mwinanso adzasamukira nyumba yapansi ku Ruaka, ya kabwalo koti adzalepo mpiru. Iwo anamvetsera mpaka anamaliza.

"Wachita bwino, mayi. Koma pansipa pali geti, pageti pali mlonda, kunja kuli msewu umene sindiudziwa, ndipo iwe kuntchito ukhala mtima uli kuno. Lero wadya?"

Benedicta anapukusa mutu.

"Waona. Tikhala tikusungana awirife mpaka tonse titatha. Kwathu ndikatsegula chitseko ndimaona manda a mayi ako patsidya, ndimadziwa aliyense wodutsa. Kubafa ndikhoza kugwa, n'zoona. Koma ndilole ndikagwe kwathu." Anatseka buku lija. "Dokotala uja, akufunadi kundionanso?"

"Ayi, bambo."

"Ndinkadziwa."

Tikiti anaikonza yekha, nanga si ndiyo ntchito yake. Anawasankhira mpando wa pawindo, anapempha kuti pabwalo la ndege adzawayendetse panjinga ya olumala, anauza Roy kuti akawachingamire ku Lilongwe ndipo asayerekeze kunena kuti watanganidwa. Roy anayamba kudandaula kuti nanga zimene tinagwirizana zija, koma anamva mmene mlongo wake ankapumira pafoni, n'kungoti chabwino, achemwali.

Loweruka masana anawaperekeza. Pakhomo lolowera apaulendo a Spencer anamugwira manja onse awiri nthawi yaitali, n'kumuuza kuti Khirisimasi abwere, ndipo asabwere ndi mlendo aliyense. Anawayang'ana akupita mpaka chipewa chija chinasowa pakati pa anthu. Iwo sanacheuke.

Pobwerera msewu unali wodzaza monga mwa nthawi zonse. M'matatu foni inalira, nambala yachilendo ya kumudzi, mwina wina amene wapatsidwa nambala ya Benedicta. Anaisiya ilire mpaka inatopa yokha. Anakwera masitepe pang'onopang'ono, akupuma pansanjika iliyonse. M'nyumba munali zii. Mpando uja unali pomwe paja pafupi ndi khomo, bulangeti litapindidwa bwinobwino pamwamba pake.

Analowa, anakankha mpiringidzo, anakoleka loko monga wakhala akuchitira madzulo aliwonse zaka zonsezi, n'kudina. Khotcho! Anaima chilili, dzanja likadali pachitsulo. Loko ameneyu anamugula yekha atangofika mu mzindawu, ndipo anali asanamumvepo kulira kwake. Anayang'ana zitsulo za pawindo, anayang'ana mpando uja, n'kukhalapo osavula nsapato, kiyi ali m'manja.